KUPATSA NKUIKA: MBIRI YA VIPASSANA



Mlimi wa ku Lundazi adziwa cinthu cimodzi bwino lomwe: mbeu ya nsawa imene asunga yekha m'nkhokwe ikhoza kutha ndi ciswe kapena moto, koma imene anagawirako mnansi wace adzaipezanso tsiku la tsoka. Nkhani ya lero ndi ya mbeu yotere, koma mbeu yace ndiyo nzeru.

Zaka 2,500 zapitazo, kumpoto kwa India, mphunzitsi wochedwa Buddha anaphunzitsa anthu njira yokhazika mtima pansi, dzina lace Vipassana, ndiko kunena kuona zinthu monga ziliri. Munthu akhala cete, nayang'anira mpweya wace polowa ndi poturuka m'mphuno. Pambuyo pace ayang'anira zonse zimene thupi likumva, kuwawa kapena kukoma, osazithawa, osazikhumbira, kufikira aona kuti zonse zibwera ndi kupita. Potero mkwiyo ndi nkhawa zicepa mphamvu.

Pofika caka ca 1200 cipembedzo ca Buddha cinali citazilala m'India mwenimweni. Koma mau ace anali atafika kale ku Burma, dziko limene lero lichedwa Myanmar, ndipo amonke a kumeneko anawasunga m'mabuku ndi pamtima, mafumu nawathandiza.

Tsono m'caka ca 1885 Angerezi anacotsa Mfumu Thibaw ku Mandalay. Mmonke wina, Ledi Sayadaw, anaona kuti popanda mfumu yociteteza ciphunzitsoco cikhoza kufa. Cifukwa cace anaturuka naco kunka kwa anthu wamba, nalemba mabuku m'cinenero cao. Mmodzi wa ophunzira ace anali mlimi, Saya Thetgyi, amene anafuna mtendere wa mumtima ana ace atafa ndi nthenda ya kolera. M'caka ca 1937 mlimiyo anaphunzitsa U Ba Khin, munthu wa nchito ya boma, amene pambuyo pace anakhala mkulu woyang'anira mabuku a ndalama za dziko lonse. Iyeyu anatsegula nyumba yophunzitsiramo ku Rangoon m'caka ca 1952.

Kumeneko kunafika S. N. Goenka m'caka ca 1955. Iye anali Mmwenye wobadwira ku Burma, wa banja la amalonda okhala kutali ndi kwao, monga eni masitolo amene tiwaona ku Lundazi ndi ku Chipata. Cimene cinamtengera kumeneko ndi mutu waukulu umene madokotala analephera kuuciritsa. Anakhala wophunzira zaka 14, ndipo m'caka ca 1969 anapita ku India nayamba kuphunzitsa ku Bombay. Mbeu ija inabwerera kwao.

Anyamata ndi atsikana a ku Ulaya ndi ku Amereka, amene anali kuyendayenda m'India masiku amenewo, anadza kudzaphunzira, namuitana kwao. Anafika ku France m'caka ca 1979, ndipo m'caka ca 1982 nyumba yophunzitsiramo inatsegulidwa ku Shelburne Falls, m'dziko la Amereka. Goenka anamwalira m'caka ca 2013, njirayo itafika ngakhale ku Worcester, ku South Africa.

Dongosolo lace nlolimba. Wophunzira akhala masiku 10, nadzuka 4 koloko mbanda kuca. Salawa mowa, ndipo masiku 9 salankhula ndi anzace. Palibe malipiro: cakudya ndi pogona zilipiridwa ndi mphatso za amene anaphunzira kale.

Taonani tsono njira imene nzeruyo inayenda: mmonke anapatsa mlimi, mlimi anapatsa munthu wa boma, wa boma anapatsa wamalonda. Akadaiumira mmodzi wa iwo, ikadalowa naye m'manda.

Inu amene muli ku Nkana, ku Nchanga ndi ku Mufulira, kumudzi munasiya nkhalamba zodziwa mankhwala, nyimbo ndi mbiri ya makolo. Kodi ana anu obadwira m'komboni adzazimva kwa yani? Mukapita ku chuti, khalani pansi ndi akuluwo, mufunse, ndipo cimene mwamva mupatseko ana anu. Akale anati, kupatsa nkuika.

Tsalani bwino.