ULENDO WA PA NJANJI KUCOKERA KU KAFUE KUNKA KU LIVINGSTONE

Ku dziko la Italy kuli mzinda wakale dzina lace Venice, umene unamangidwa pa tizisumbu ta m'nyanja. Misewu yace yambiri ndiyo ngalande za madzi, ndipo anthu amayendamo ndi mabwato m'malo mwa galimoto. Alendo ambiri amafika kumeneko pa sitima ya pamtunda, imene imaoloka madzi pa ulalo wautali makilomita oposa 3, wotsegulidwa m'caka ca 1846. Miyezi yokoma kupitako ndiyo April ndi May, cisanu citatha. M'Zambia mulibe mzinda wotere, koma ulipo ulendo umodzi wa pa njanji umene uyambira pa mtsinje nuthera pa mtsinje, ndipo miyezi yace yabwino ndi yomweyo. Ndiwo ulendo wocokera ku Kafue kunka ku Livingstone.

Anthu a ku Kafue Estates, m'nyumba zija zinamangidwira anchito a ku mafakitale a nsaru ndi feteleza, sakhala kutali ndi cinthu coyamba coti aone. Sitima ikangonyamuka pa siteshoni ya Kafue kuloza kummwera, ikwera pa ulalo wacitsulo umene unamangidwa m'caka ca 1906. Ulalowo uli ndi zigawo 13, ciri conse ca mamita ngati 33, ndipo wonse pamodzi ukwana mamita 427. Pa njanji zonse za Rhodesia Railways panalibe ulalo wina wautali kuposa umenewu. Anchito a ku migodi ayenera kudziwa kuti madzi amene aona pansi pace ndi omwe aja apita pafupi ndi Nchanga ndi Nkana, pakuti mtsinje wa Kafue ucokera ku malire a dziko la Congo. Madziwo sathamanga. Amayamba afalikira m'cidambo cacikuru ca Kafue, kotero kuti mvula itatha kale pa mtunda, m'mwezi wa April cidambo cikali codzaza, ndipo asodzi ali pakati pace ndi mabwato ao.

Ofuna kuona ngalande aziona ku Mazabuka. Minda ya nzimbe ya Nakambala ithiriridwa ndi madzi a Kafue yemweyo, okokedwa ndi makina ndi kuyendetsedwa m'ngalande, ndipo cifukwa cace nzimbezo zikhala zobiriwira ngakhale m'cirimwe. Kucokera pamenepo njanji ipyola m'dziko la Atonga, la ng'ombe ndi cimanga, kudzera ku Monze, Pemba ndi Choma. Ku Kalomo ambiri angopitirira osadziwa kuti mudzi umenewu unali likulu la Boma la North-Western Rhodesia kufikira m'caka ca 1907.

Kunena zoona, sitima imeneyi siya munthu wa cangu. Njanji yakalamba, ndipo basi imene inanyamuka pambuyo pace ifika ku Livingstone iyo ikali m'njira. Sitima ya anthu siyenda masiku onse, ndipo wanzeru ayamba wafunsa ku siteshoni tsiku ndi nthawi asanamange katundu. Atenge kamba wokwanira, madzi akumwa ndi bulangeti, popeza usiku wa mwezi wa May kuzizira ndithu ku mtunda wa Choma ndi Kalomo. Cimene sitima ipatsa munthu ndico malo otambasula miyendo, ana nayenda uku ndi uku, ndi nthawi yoona dziko bwino-bwino.

Mzinda wa Livingstone sunayambire pomwe ulipo lero. Azungu oyamba anamanga m'mphepete mwa Zambezi, pa dooko lochedwa Old Drift, kumtunda kwa mathithi, pomwe ngolo ndi katundu zinkaolokera. Malowo anali a cinyontho ndi udzudzu wambiri, ndipo malungo anapha anthu ocuruka. Manda ao akalipo. Njanji itafika, m'caka ca 1905 anthu anasamukira pa mtunda wa mcenga, makilomita ngati 10 kucokera ku mathithi. Ndico cifukwa cace mlendo wotsika sitima adabwa posaona mtsinje m'kati mwa mzinda. Livingstone anakhala likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 kufikira 1935, pamene Boma linasamukira ku Lusaka. Nyumba zakale za makonde akuru zikali ciimire m'misewu ina. Iliponso nyumba yosungiramo zinthu zakale, Livingstone Museum, imene inayamba m'caka ca 1934, m'mene muli makalata ndi katundu wa David Livingstone, amene anafika pa mathithiwo mu November 1855. Okonda makina apite ku Railway Museum kukaona mainjini a moto ndi nthunzi, ena a iwo amene ankakoka matabwa kucokera ku Mulobezi.

Ulalo waciwiri wa ulendo uno uli kunsi kwa mathithi, pa malire a Zambia ndi Zimbabwe. Unatsegulidwa mu September 1905. M'litali mwace ndi mamita 198, ndipo madzi ali pansi pace mamita ngati 128. Zitsulo zace zinasulidwa ku Darlington, ku England. Kwa zaka zambiri moyo wa migodi unali pa maulalo awiriwa: mkuwa unkapita kummwera kunka ku madooko a nyanja, ndipo malasha a ku Wankie, kumene lero kuchedwa Hwange, ankabwera kumpoto kudzasungunula mkuwawo. Malire atatsekedwa m'caka ca 1973, pa mkangano ndi Boma la Ian Smith, mkuwa wa Zambia unasowa njira imeneyi kufikira 1978, ndipo pakati pa zaka zimenezo njanji ya TAZARA yonka ku Dar es Salaam inatsirizidwa.

Nanga n'cifukwa ninji April ndi May? Mvula imene idzaza Zambezi igwa kutali, ku Mwinilunga ndi ku Angola. Monga momwe acitira Kafue, madzi ace ayamba agona m'cidambo ca ku Barotse, ndipo afika ku Livingstone ocuruka koposa ca m'mwezi wa April. Pamenepo mathithi, otambalala mamita oposa 1,700, agwa ndi mkokomo womveka patali, ndipo nkhungu yace ioneka munthu akali m'sitima. Dzina lakuti Mosi-oa-Tunya, ndilo kuti utsi wogunda, limveka bwino pa nyengo imeneyi. Wopita m'mwezi wa October kapena November apeza mbali ya ku Zambia iri miyala yokha-yokha ndi timitsinje tocepa, ndipo dzuwa liri phwee. Ndalama za ulendo zatha, cimene anadzera sanacione.

Komabe madzi akacuruka kwambiri nkhungu ibisa mathithi omwewo, ndipo masiku ena munthu angomva mkokomo osaona kanthu. Kumapeto kwa May madzi ayamba kutsika pang'ono, ndipo aoneka bwino. Oyenda pa kaulalo ka miyendo ka Knife Edge anyowa monga ogwidwa ndi mvula ya mu January, ngakhale kumwamba kulibe mtambo. Citupa, ndalama ndi tikiti yobwerera ku Kafue zikulungidwe m'pulasitiki, ndipo ana agwiridwe pa dzanja, pakuti njira ya pamenepo iterera.