Chimene mayeso a sukulu za kwacha saona m'malokeshoni a Blantyre

Kuyambira mu 1986, pamene boma la Malawi linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa akuluakulu kulemba, kuwerenga ndi kuwerengera, imene anthu amaidziwa ndi dzina loti sukulu za kwacha, muyeso waukulu wa ntchitoyi wakhala mayeso amene wophunzira amalemba akatha miyezi 10 m'kalasi, ndipo wokhoza amatengedwa kuti wafika pa mlingo wa mwana wa Sitandade 4. Chiwerengero cha olembetsa ndi cha okhoza chimachoka kwa mphunzitsi, amene ndi munthu wongodzipereka wolandira kangachepe, n'kudzera kwa alangizi a chitukuko cha m'madera mpaka kukafika ku Lilongwe, kumene unduna woyang'anira ntchitoyi umaona ngati zolinga za chaka zakwaniritsidwa.

Muyeso wotere umafuna wophunzira wokhazikika, koma moyo wa ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri sulola munthu kukhala malo amodzi nthawi yaitali choncho. Ambiri mwa ophunzira ndi amayi, ndipo m'tauni ambiri a iwo amadya za geni, kotero kuti nthawi ya kalasi, yomwe kawirikawiri imakhala masana, imalimbana ndi nthawi ya makasitomala. Ena amakhala m'nyumba za lendi, ndipo lendi ikakwera amasamuka, mwina kuchoka ku Zingwangwa kupita ku Machinjiri, dzina lawo n'kutsala m'kaundula ngati la munthu wolephera. Chovuta kwambiri ndi cha mayi wogulitsa mumsika wa Ndirande amene analembetsa ndi cholinga chimodzi, choti asiye kudinda chala ku banki m'khonde ndiponso aziwerenga yekha uthenga wa Mpamba kapena Airtel Money popanda kuitana mwana. Mayi wotere akadziwa zimenezi pa mwezi wachisanu amabwerera ku benchi yake atapeza chimene anadzera, koma lipoti limamuika pamodzi ndi osiyira panjira, pomwe mnzake amene anakhoza mayeso n'kuiwala zilembo chaka chotsatira, chifukwa chosowa chowerenga pakhomo, amakhalabe m'gulu la opambana.

Ngakhale ziwerengero za dziko lonse zimadalira mmene funso lafunsidwira. Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018, amene amadalira zomwe woyankha wanena, anapeza kuti pafupifupi anthu 69 mwa 100 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo amatha kulemba ndi kuwerenga, pomwe kafukufuku wa za umoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016, amene ankapatsa munthu khadi kuti awerenge chiganizo mokweza, anapeza amayi 72 ndi abambo 83 mwa 100 a zaka 15 mpaka 49. Ziwerengerozi sizingaikidwe pa sikelo imodzi, ngakhale kuti polankhula pa 8 Sepitembala, tsiku lokumbukira kulemba ndi kuwerenga padziko lonse, n'kosavuta kuzisakaniza.

Njira ina yophunzitsira akuluakulu yotchedwa REFLECT, imene bungwe la ActionAid linayambitsa m'zaka za m'ma 1990 potsatira maganizo a Paulo Freire wa ku Brazil, imayambira pa mavuto amene ophunzira eni ake asankha kukambirana, motero imayandikira zolinga za mayi wa mumsika uja, koma zipatso zake n'zovuta kuzilemba m'fomu ya opereka thandizo, amene amafuna nambala pakutha pa chaka. Chimene chingathandize, ndipo sichifuna ndalama zambiri, ndi kulemba cholinga cha wophunzira aliyense tsiku lolembetsa, kenako n'kumuyendera patapita chaka kukaona ngati luso lija likugwira ntchito. Ngakhale zitatero, abambo amene amaopa kukhala kalasi imodzi ndi akazi awo, n'kumaphunzira zilembo mobisa kwa ana awo a sukulu, sadzaoneka m'kaundula aliyense.