Kompyuta yadzadza? Musathamangire katapila

Mayi ndi bambo, kompyuta yakale ija ikadzadza ndi zithunzi za ukwati komanso manotsi a ana, musayambe kulozana zala kuti tifufute za yani. Kugula ina n'kosafunikanso.

Mkati mwake muli timipata tolowetsamo kakhadi ka SATA, kolumikizira hard disk yachiwiri. Koma chenjerani apa: mpata wa PCI ndi wa PCI Express n'ngosiyana, kakhadi ka uku sikalowa uko. Ndiye musanakwere minibasi pa Chitakale kupita ku Limbe, tsekulani bokosilo, jambulani timipatato pafoni, mukaonetse wogulitsa. Mwinanso mupeza kuti polumikizira SATA palipo kale, kwangosowa waya basi.

Zithunzi zija yambani mwazisunga pa flash, poti hard disk yokalamba imafa osatsanzika. Mukatero, thimitsani ndi kuzula kumagetsi musanapisemo dzanja.