Mtsinje Umene Adausinthira Nyengo Zake

Kumpoto kwa chigawo cha Quebec m'dziko la Canada, kumene chisanu chimagwira nthaka theka la chaka, ndipo nyanja zimaundana gwaa kufikira munthu n'kuyendapo ndi katundu wake, kuli mtsinje wotchedwa La Grande, umene umayenda ulendo wa makilomita pafupifupi 900 usadakathire m'nyanja ya James Bay. Kuyambira kale lomwe mtsinjewu udali ndi mwambo wake wosaphonya: m'miyezi yozizira unkachepa n'kugona pansi pa madzi oundana, ndipo pofika Meyi ndi Juni, chipale chikasungunuka m'zitunda, unkadzuka ndi mkokomo n'kusefukira m'madambo. Zolengedwa zonse za m'chigwamo zidaloweza mwambowo. Nsomba zinkadziwa nthawi yoswana, atsekwe ankadziwa nthawi yotera pagombe, ndipo kanyama ka m'madzi kotchedwa beaver, kamene kamamanga nyumba ya timitengo ndi matope m'mbali mwa mtsinje, kankaika khomo lake pansi pa madzi pa muyeso umene makolo ake adauzolowera.

Eni nthaka, anthu a mtundu wa Cree, nawonso ankayendera mwambo womwewo. Banja lililonse lidali ndi dera lake losakako, ndipo dera lililonse lidali ndi mkulu wolisunga, amene ankanena kuti chaka chino misampha itcheredwe uku, uko kupume kuti nyama zichulukane. Anthu otere, amene ankadziwa khwawa lililonse ndi dzina lake, ndiwo sadafunsidwe kanthu pamene nduna yaikulu ya Quebec, a Robert Bourassa, idalengeza pa 30 Epulo 1971 kuti mitsinje ya kumpotoko itsekedwa ndi madamu opukusira magetsi. Nkhani ya dziko lawo lomwe adaimva ngati mphekesera yochokera ku mizinda yakutali.

Pamodzi ndi anansi awo a mtundu wa Inuit adakadandaula kukhoti, ndipo alenje okalamba, ambiri a iwo osalankhula Chingerezi kapena Chifalansa, adaima pamaso pa woweruza ku Montreal n'kufotokoza kudzera mwa omasulira za nsomba, za misampha ndi za manda a makolo awo. Pa 15 Novembala 1973 woweruza Albert Malouf adapereka chiletso choimitsa ntchito yonse, koma patangopita sabata imodzi khoti la apilo lidachichotsa, ndipo makina adayambanso kubangula. Chigamulo chija, ngakhale chidakhala masiku owerengeka, chidakakamiza boma kukhala pansi. Ndipo pa 11 Novembala 1975 padasainidwa pangano limene lidapatsa Acree ndi Ainuit chipukutamisozi cha madola 225 miliyoni, ufulu wosaka m'madera ena, ndiponso ulamuliro pa sukulu ndi zipatala zawo. Mtsogoleri wa Acree, a Billy Diamond, adali mnyamata wosakwana zaka makumi atatu. Sindingathe kulitcha pangano la anthu ofanana mphamvu, pakuti wina ankasaina uku akumva miyala ya kwawo ikuphulitsidwa.

Kunena zoona, ntchito ya amisiriwo njodabwitsa, ndipo kuipeputsa kungakhale kunama. Adalambula msewu wa makilomita 620 kuchokera ku Matagami kudutsa m'nkhalango ndi m'zithaphwi. Adaboola thanthwe n'kusema nyumba ya makina mamita 137 pansi pa nthaka, m'mene makina 16 amapukusa mamegawati 5,616, mphamvu yoposa kakhumi ya malo onse opukusira magetsi pa mtsinje wa Shire ataphatikizidwa. Ndipo ngalande yotayira madzi osefukira adaisema ngati makwerero khumi, lililonse lotalika mamita khumi. Magetsi oyamba adatuluka m'chaka cha 1979. Poona kuti madzi a La Grande okha sadakwanire zofuna zawo, adatseka mitsinje ya Eastmain ndi Opinaca kumwera, natseka mutu wa Caniapiscau umene unkalowera kumpoto, n'kukhotetsera madzi onsewo m'chigwa chimodzi, kotero kuti La Grande adayamba kunyamula pafupifupi kuwirikiza kawiri madzi ake akale, pamene Eastmain adatsala ndi kachigawo kochepa chabe. Akale adati madzi saiwala khwawa, koma kuno madzi adalamulidwa kuiwala.

Anthu akamanena za kuipa kwa madamu, kawirikawiri amawerenga nthaka yomizidwa, ndipo pano njochuluka ndithu, pakuti nyanja ya Caniapiscau yokha imaposa masikweya kilomita 4,000. Koma ine ndiona kuti bala lalikulu lili pa kusinthidwa kwa nyengo za mtsinje. Anthu a ku Montreal ndi mizinda ina ya kumwera amafunditsa nyumba zawo ndi magetsi, chotero magetsi amafunika koposa m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nthawi imene mtsinje unkagona. Tsono madzi a chigumula amasungidwa m'madamu miyezi yotentha, n'kumasulidwa pakati pa chisanu. Mtsinje umene unkachepa m'nyengo yozizira tsopano umadzaza m'nyengo yomweyo, mowirikiza kangapo. Madzi oundana a kumatsiriro, amene adali mlatho wa alenje popita kukasaka kutsidya, adasanduka osadalirika. M'mphepete mwa nyanja zopangidwazo madzi amakwera ndi kutsika mamita angapo potsata zofuna za makina, kotero kuti msondodzi ndi zitsamba za m'gombe sizimera bwino, ndipo beaver akamanga nyumba yake madzi ali pamwamba, amadzapeza khomo lili pamtunda chisanu chitafika. Mudzi wa Fort George, umene udali pa chilumba cha kumatsiriro, udasamutsidwa kuyambira m'chaka cha 1980 poopa kuti mafunde atsopanowo akokolola chilumbacho. Nyumba zambiri zidaolotsedwa zathunthu pa zombo kupita ku malo atsopano a Chisasibi. Abale athu a m'chigwa cha Zambezi, amene ankadzala m'madimba potsata kuphwa kwa chigumula madamu a Kariba ndi Cahora Bassa asadamangidwe, sangafune womasulira kuti amve nkhani imeneyi.

Padabukanso tsoka lina limene silidaimbe ng'oma pobwera. M'nthaka ndi m'zomera mumakhala mwachilengedwe chitsulo chamadzimadzi chotchedwa mercury, chochepa kwambiri ndi chosavulaza chikakhala phee. Koma nkhalango ikamizidwa, masamba ndi ndere zikayamba kuola pansi pa madzi, tizilombo tosaoneka ndi maso timachisandutsa poizoni wolowa m'matupi a zamoyo. Tizilombo ta m'madzi timamudya, nsomba zazing'ono zimadya tizilomboto, zazikulu zimadya zazing'ono, ndipo pa sitepe iliyonse poizoniyo amanka naunjikana, kufikira alowe mumphika wa munthu, m'mene amawononga mitsempha ndi ubongo, makamaka wa mwana amene ali m'mimba. Pofika m'chaka cha 1984, poyeza tsitsi la anthu a ku Chisasibi, adapeza kuti ambiri adali ndi mercury wopitirira muyeso woyenera. Tangoganizani nkhalamba imene idakula ikudziwa kuti nsomba ndiyo chakudya chosasowa ngakhale m'chaka cha njala, lero ikuuzidwa ndi achipatala kuti nsomba yonona, yooneka bwino, yopanda fungo lililonse, isaperekedwe kwa mpongozi wake woyembekezera. Poizoniyo amatha yekha, koma pamapita zaka makumi awiri kapena atatu, ndiye kuti mbadwo wathunthu wa ana okula osazolowera ukonde.

M'mwezi wa Seputembala chaka chomwecho cha 1984 nyama zonga mphalapala zotchedwa caribou pafupifupi 10,000 zidamira pooloka Caniapiscau pafupi ndi mathithi a Calcaire. Kampani ya magetsi ya Hydro-Québec idaloza mvula yamphamvu, ena adaloza madzi otayidwa kudamu, ndipo mkanganowo sudathe bwinobwino.

Walira mvula walira matope, ndipo mvulayo idagwadi: lero Quebec amapeza pafupifupi magetsi ake onse kuchokera ku madzi, popanda utsi wa malasha, ndipo midzi ya Acree ili ndi sukulu, zipatala ndi makampani akeake. Komanso Acree adaphunzira kulankhula nthawi isadathe. Boma litafuna kutseka mtsinje wa Great Whale, iwo ndi Ainuit adapalasa bwato mpaka ku New York m'chaka cha 1990 kukadandaulira ogula magetsiwo. M'chaka cha 1992 New York adafafaniza mgwirizano wake wogula, ndipo m'chaka cha 1994 ntchitoyo idaimikidwa. Pamene nduna yaikulu ya Quebec, a Bernard Landry, ndi mtsogoleri wa Acree, a Ted Moses, adasaina pangano latsopano m'chaka cha 2002, lololeza kupatutsa mtsinje wa Rupert, Acree adayamba aponya voti, ngakhale kuti ambiri adavomera ndi mtima wolemera. Ndipo popatutsa madziwo m'chaka cha 2009, amisiri adasiyira mtsinjewo gawo la madzi ake, lomakwera ndi kutsika potsata nyengo zoswana nsomba, chinthu chimene Eastmain sadachitiridwe.

Kugombe la James Bay mlandu wina ukadali pabwalo. Udzu wa pansi pa nyanja umene atsekwe ankadya pa ulendo wawo udafota kwambiri chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo sudabwererenso mwakale. Atsekwe nawo satera monga kale. Ofufuza amatchula kutentha kwa nyengo pamodzi ndi madzi opanda mchere amene La Grande amakhuthulira m'nyanjamo, ndipo pa kafukufuku wa zaka zaposachedwapa akatswiri a m'mayunivesite ankakwera mabwato a alenje a Chicree, alenjewo ndiwo akuloza pamene udzuwo unkamera.