Amayi Ovala Zoyera Anauza Taylor Maso ndi Maso

Mu Epulo 2003, Pulezidenti Charles Taylor wa ku Liberia anavomera kukumana ndi amayi omwe ankakhala padzuwa pafupi ndi msika wa nsomba ku Monrovia. Anali Akhristu ndi Asilamu, onse atavala zoyera. Wowalankhulira anali Leymah Gbowee, ndipo anapempha kuti Taylor apite kukakambirana ndi zigawenga zomwe zinkamenyana ndi boma lake.

Anapitadi ku Accra, ku Ghana, mu Juni. Ali komweko, khoti lapadera la Sierra Leone linalengeza kuti likumuimba milandu ya nkhondo, iye nathawira kwawo. Zokambirana zitayamba kuzengereza, amayiwo, omwe nawonso anali ku Accra, anatchinga zitseko za holo ya zokambiranazo, ndipo Gbowee anaopseza kuti avula zovala pamaso pa nthumwi. Mu Ogasiti Taylor anapita ku Nigeria, pangano la mtendere n'kusainidwa.

Chomwe ine ndimachiona cholemera n'chotsatira chake. Mu 2012 Taylor anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 50, koma chifukwa cha nkhanza za ku Sierra Leone. Za anthu pafupifupi 250,000 omwe anafa pa nkhondo ku Liberia, palibe khoti la m'dzikomo lomwe linazenga mlandu aliyense. Prince Johnson, mtsogoleri wa zigawenga, anakakhala senetala!

Komiti yofufuza choonadi ya ku Liberia inalangiza mu 2009 kuti pakhale khoti la milandu ya nkhondo. Opulumuka anapitiriza kukakamiza atsogoleri, mpaka mu Meyi 2024 Pulezidenti Joseph Boakai anasaina lamulo lotsegula ofesi yokonzekera khotilo.