Ndodo ya mamajoreti ingatsegulire bwalo ana aulumali a ku Nathenje

Aliyense amene anaonererapo bandi ya apolisi kapena ya asilikali ikuguba pa perete akumudziwa mkulu wa patsogolo uja, amene amazunguza ndodo yake, kuiponya m'mwamba n'kuiwakha osaphonya sitepe. Luso lomwelo litafika m'manja mwa mamajoreti linakula n'kukhala masewero odziimira paokha, okhala ndi malamulo, oweruza ndi mendulo. Bungwe la World Baton Twirling Federation linakhazikitsidwa mu 1977 kuti liziona za masewerowa pa dziko lonse, ndipo ku South Africa atsikana a m'sukulu amalimbirana zikho zake mpaka pa mpikisano wa dziko lonselo. Ganizo langa ndi lakuti sukulu za m'dera la Nathenje ndi Mitundu ziyambitse mpikisano wozunguza ndodo, ndipo ana aulumali alowemo kuyambira tsiku loyamba. Alowe monga opikisana ofuna chikho, chifukwa zowaitana kuti adzangosangalatsa mlendo wolemekezeka kwa mphindi zisanu, kenako n'kuwabweza kuseri, tazionera mokwanira.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka zisanu kupita m'tsogolo, oposa 10 pa 100 alionse ali ndi ulumali wa mtundu wina. Pa malamulo sitili m'mbuyo: dziko lino linavomereza pangano la United Nations loteteza ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo ndime 30 ya panganolo imanena za ufulu wochita nawo masewero ndi zachikhalidwe. Lamulo la anthu aulumali linabwera mu 2012, lina latsopano n'kulowa m'malo mwake mu 2024. Koma mbiri ya pa bwalo ndi yochititsa manyazi. Mpikisano wa Paralympics unayamba ku Rome mu 1960. Malawi inkayenera kukaonekerako koyamba ku London mu 2012, koma othamanga awiri a vuto losaona amene anakonzekera ulendowo sanapite chifukwa ndalama zinasowa. Mpaka mu 2016 ndi pamene Taonere Banda anathamanga mamita 1,500 ku Rio de Janeiro, n'kukhala Mmalawi woyamba pa mpikisanowo. Zaka 56 zonsezo vuto silinali kusowa kwa ana aluso. Katswiri samera pa Bingu National Stadium. Amayambira pa bwalo la sukulu ya pulayimale, ndipo pa bwalo limenelo mafumu ndi mpira wamiyendo ndi ntchemberembaye. Masewero onse awiriwa amafuna liwiro ndi maso. Mwana woyendera ndodo kapena njinga ya olumala ntchito yake imakhala yolondera makope ndi nsapato za anzake pansi pa mtengo.

Apa m'pamene ndodo ya mamajoreti ikusiyana ndi mpira. Ndi kachitsulo kopepuka kokhala ndi mphira kunsonga zonse ziwiri, ndipo kutalika kwake amayeza potengera mkono wa mwini wake, kutanthauza kuti chipangizo chimatsatira thupi la mwana. Oweruza amayang'ana zinthu zitatu: kuponya ndodo m'mwamba ndi kuiwakha, kuigubuduza pa mikono, pa mapewa ndi pa khosi osaigwira, ndiponso kuipilingitsa m'zala ndi m'manja pafupi ndi thupi. Ziwiri mwa zitatuzi sizifuna kuti munthu aone kumene ndodo yapita, chifukwa sichoka pa khungu. Mwana wa vuto losaona angazidziwe bwino pokhudza. Wokhala pa njinga ali ndi mikono ndi mapewa olimba kale chifukwa chopalasa. Wa vuto losamva amatsata kugunda kwa ng'oma m'chifuwa ndi pansi pa mapazi, komanso dzanja la mphunzitsi lowerenga masitepe. Wophunzira pang'onopang'ono amapindula ndi kubwereza, ndipo masewerowa moyo wake ndi kubwereza. Poyambira sipafunika holo kapena magetsi. Nsungwi yosalazidwa bwino, yomangidwa mphira ya tayala kunsonga, imakwanira kuphunzirira.

Ena anena kuti awa ndi masewero achizungu, a ana a m'tauni, ndipo ku Nathenje alibeko mizu. Mawu amenewa akuiwala mganda. Gule amene amuna a m'chigawo chapakati amavina atandanda m'mizere, atavala zoyera, akuponda mofanana ndi kuomba mabadza, anachokera ku maperete a asilikali amene makolo athu anaona pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Anthu a kuno anatenga chinthu cha atsamunda n'kuchiphika mu mphika wawo mpaka chinakhala chathu, ndipo midzi inkaitanizana kudzapikisana. Mamajoreti nawo gwero lawo ndi perete yemweyo. Palibe lamulo lokakamiza kuti ana a ku Nathenje azungulire ndodo nyimbo za ku America. Ng'oma za mganda ndi chimtali zilipo, oziimba alipo, ndipo khamu loonerera limadziwa kale kusiyanitsa gulu loponda pamodzi ndi gulu losokonekera.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kwambiri, ndipo sindikuchipeputsa. Sukulu zambiri za kumudzi zilibe zimbudzi zolowa mwana wa pa njinga, mabuku a Braille ndi osowa, aphunzitsi odziwa chinenero chamanja ndi owerengeka, ndipo koleji ya Montfort ku Chiradzulu, imene imaphunzitsa aphunzitsi a maphunziro apadera, singakwanitse yokha kudzaza sukulu zonse za dziko lino. Munthu angafunse kuti tikutayiranji nthawi ndi zovinavina mwana asanapeze pokhala m'kalasi. Yankho langa ndi lakuti zosowa zimenezi zimakhalitsa chifukwa eni ake saoneka. Mwana wobisidwa m'nyumba salowa m'kaundula wa sukulu, ndipo komiti ya sukulu ikamagawa kandalama ka chitukuko siikira malo munthu amene sinamuonepo. Amene anayendetsa ntchito ya Para Sport Against Stigma, mogwirizana ndi Yunivesite ya Malawi ndi ya Loughborough ku Britain, anazindikira zimenezi pamene anamasulira m'Chichewa masewero a Paralympics a ku Tokyo mu 2021 n'kukaonetsa kanemayo m'madera a kumudzi. Cholinga chinali chakuti anthu aone munthu waulumali akupambana. Koma wothamanga wa pa kanema ndi wa kutali. Mwana wa mnansi wako akawakha ndodo pamaso pa amfumu, pa bwalo la pa Nathenje tsiku la msika, nkhani yake imafika pa chitsime ndi pa chigayo, ndipo kholo limene linkachita manyazi limayamba kuganiza kawiri.

Palinso nkhawa ya chilungamo: kodi mwana wosaona angapikisane bwanji ndi woona? Funso limeneli anzathu analiyankha kale. Pa Paralympics othamanga a vuto la maso amawagawa m'magulu a T11, T12 ndi T13 potengera kukula kwa vutolo, ndipo a T11 amathamanga ndi wowatsogolera. Bungwe la Special Olympics, limene linayamba mu 1968 ndipo linachititsa msonkhano wa atsogoleri a mu Africa ku Lilongwe mu 2014 pa nthawi ya ulamuliro wa Joyce Banda, lili ndi njira yophatikiza ana aulumali wa m'maganizo ndi anzawo m'timu imodzi. Njira zonse ziwiri zingagwire ntchito pa mpikisano umodzi. Pa gawo la mmodzimmodzi ana apikisane ndi ofanana nawo. Pa gawo la magulu sukulu iliyonse ibweretse timu yosakanikirana, ndipo malikisi aperekedwe potengera kugwirizana kwa gulu lonse. Mphunzitsi wofuna chikho adzakakamizika kukonza mavinidwe oti mwana wa pa njinga akhale pakati pa sewero, osati kumapeto kwa mzere ngati chokongoletsera. Chimene ndingakane ndi malikisi achifundo. Ndodo ikagwa, yagwa, ndipo woweruza achotse malikisi posayang'ana kuti yagwa m'manja mwa yani. Ana amadziwa msanga ngati akuwaombera m'manja mowanyengerera, ndipo chipongwe chimenecho chimapweteka kuposa kuluza.

Za ngozi n'zosavuta: ndodo yopepuka, kuponya m'mwamba kwa okhawo amene akonzeka, ndiponso mthunzi, zipewa ndi nthawi ya m'mawa chifukwa cha ana achialubino amene dzuwa limawawononga khungu. Za kusekedwa, zoona n'zakuti mwana waulumali amasekedwa kale ali pansi pa mtengo paja, popanda mpata woonetsa chimene angathe.

Derali lili ndi poyambira. Sukulu ya ana osaona ya Malingunde ili m'boma lomweli la Lilongwe, chipatala cha Nkhoma chodziwika pa matenda a maso chili pafupi, ndipo ku Bunda, kufupi ndi Mitundu, kuli ophunzira a LUANAR amene angathandize kuphunzitsa ndi kuweruza. Lilongwe inachititsa kale masewero a achinyamata a Region 5 mu 2022, momwe munali mpikisano wa othamanga a vuto losaona, choncho anthu odziwa kuyendetsa zoterezi ali pa mtunda wa minibasi imodzi. Alangizi a maphunziro a m'mazoni a Nathenje ndi Mitundu, bungwe la masewero a m'sukulu la MASSA ndi a Malawi Paralympic Committee akhale pansi teremu ikubwerayi, asankhe sukulu zochepa zoyambira, aike tsiku pa kalendala, ndipo alembe poyera kuti sukulu yobwera popanda mwana waulumali m'timu yake sidzaloledwa kulowa m'bwalo.