Chilankhulo cha M'chipatala ndi Kusalekeza Mankhwala a HIV: Nkhani ya Amuna Ogonana ndi Amuna Anzawo ku Kamwala, Lusaka

1.0 Mawu Oyamba

Mankhwala otalikitsa moyo, ma ARV, anayamba kuperekedwa m'zipatala zazing'ono za boma mu Lusaka m'chaka cha 2004, ndipo mu 2005 boma la Zambia linachotsa malipiro ake. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa mu 2021 anapeza kuti anthu 11 mwa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo anali ndi HIV, ndiponso kuti mwa omwe ankamwa mankhwala, 96 mwa 100 kachilombo kanali katachepa kwambiri m'magazi mwawo. Komabe pali ena amene kupita kuchipatala kumawalemera kuposa anzawo, ndipo pakati pawo pali amuna ogonana ndi amuna anzawo. M'nkhani ino tikufuna kuonetsa kuti mawu amene namwino kapena mlangizi amasankha angathe kumusunga mwamuna wotere pa mankhwala kapena kumuthamangitsa. Sitikuweruza za khalidwe, tikusanthula chilankhulo.

2.0 Lamulo ndi Mantha

Ndime 155 ndi 158 za Penal Code ya Zambia zimaletsa kugonana kwa anthu ofanana ziwalo. Kuyambira mu 2005, chilango cha pa ndime 155 ndi zaka zosachepera 15, mwinanso moyo wonse m'ndende. Mu Novembala 2019 amuna awiri a ku Kapiri Mposhi anagamulidwa zaka 15, ndipo Pulezidenti Edgar Lungu anawakhululukira mu Meyi 2020. M'mbuyomo, mu Epulo 2013, Paul Kasonkomona anamangidwa atanena pa Muvi TV kuti nkhondo yolimbana ndi Edzi imafuna kuti anthu otere alemekezedwe. Khoti linamupeza wosalakwa mu Febuluwale 2014. Mbali inayi, ndondomeko ya dziko yolimbana ndi Edzi ya 2017 mpaka 2021 inawatchula amunawa pakati pa magulu ofunika chisamaliro chapadera.

Motero mwamuna wolowa m'chipatala sadziwa ngati amene ali patsogolo pake alankhula ndi pakamwa pa lamulo kapena pa zaumoyo. Kamwala ndi dera la malonda, lofikako anthu a ku Chawama, Kanyama ndi Matero tsiku ndi tsiku. Munthu angathe kukatengera mankhwala kumeneko ngati wapita kukaoda katundu, kupewa maso a anansi. Koma akanyozedwa ngakhale kamodzi, palibe chomukakamiza kubwereranso.

3.0 Kutchula Munthu

Liwu lodziwika kwambiri m'Chichewa ndi lakuti mathanyula. Dzinali limatchula mchitidwe, koma tikaliphatikiza ndi wa- timapeza wamathanyula, lomwe kapangidwe kake nkofanana ndi wamisala kapena wakhate. Apa munthu yense wamezedwa ndi chinthu chimodzi. Kuwonjezera apo, m'makutu mwa ambiri liwuli limakumbutsa za m'ndende, ndipo limagwiritsidwanso ntchito ponena za kugwirira anyamata, kotero silisiyanitsa akuluakulu ogwirizana ndi munthu wochita nkhanza. N'chifukwa chake siliyenera m'chipinda cha uphungu.

Otanthauzira mabuku a zaumoyo amakonda kulemba chimodzi mwa ziwiri izi:

(1) a. amuna ogonana okhaokha
b. amuna ogonana ndi amuna anzawo

Kusiyana kwake sikochepa. Mwamuna wapabanja, wa ana atatu, amenenso ali ndi bwenzi lachimuna, akamva okhaokha amaganiza kuti uthengawo si wake, pakuti iye amagonanso ndi mkazi. Chitsanzo (1b) chimanena zimene munthu amachita osatseka khomo la zina. Tikuona kuti (1b) ndiye woyenera, makamaka pofuna kufikira amuna amene kukakamizidwa ndi abale kunawalowetsa m'banja, komanso akazi awo, amene moyo wawo uli pa mankhwala omwewo.

4.0 Kufunsa Funso

Chichewa chili ndi mwayi umene Chingerezi chilibe. Alowam'malo ndi agwirizanitsi a gulu la Mu-A- sasonyeza ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi: iye, naye, wake ndi a- amaimira onse. Tiyerekeze mafunso awa:

(2) a. Kodi akazi anu anayezetsa?
b. Kodi anzanu amene mumagonana nawo anayezetsa?

M'Chinyanja cha m'tauni ya Lusaka, (2a) amamveka kuti, "Bakazi banu banapimisa?" Funsoli nlaulemu, koma layankhiratu lokha. Mwamuna amene bwenzi lake ndi mwamuna watsala ndi njira ziwiri, kunama kapena kukonza mawu a namwino, ndipo ambiri amasankha kunama. Bodza loyambalo limabala ena, mpaka tsiku lina kubwera kuchipatala kumasanduka mtolo. Mu (2b) dzina lakuti anzanu lingaimire munthu mmodzi wolemekezeka kapena anthu angapo, amuna kapena akazi, ndipo msintho wochitirana wa -an- umaika onse awiri pamlingo umodzi. Aneni -kwatira ndi -kwatiwa alibe mwayi umenewu, popeza amagawiratu mbali ya mwamuna ndi ya mkazi, funso lonyoza lakuti "mkazi ndani pakati panu?" limachokera m'maganizo omwewo.

Nkhaniyi imakula pamene mlangizi apempha wodwala kuti atchule ogonana nawo kuti nawonso ayezedwe. Kwa mwamuna amene tikunenayu, kutchula dzina kuli ngati kudziulula yekha ndi mnzake pa mlandu wa zaka 15. Choncho lonjezo la chinsinsi liyenera kubwera funso lisanafunsidwe, ndipo linenedwe momveka: ndani adzaona zolembedwazo, ndipo wodwala ali ndi ufulu wokana popanda kumanidwa mankhwala.

Ulemu wa chilankhulo chathu ulinso ndi msampha wake. Ziwalo zobisika sitizitchula poyera, timangoti kumaliseche kapena kumusi. Koma njerewere, chindoko ndi chinzonono zimagwiranso kotulukira chimbudzi, ndipo chinzonono cha kumeneko nthawi zambiri sichionetsa zizindikiro. Wodwala wamanyazi amangoti ali ndi mudzi, napatsidwa mankhwala a matenda amene alibe. Mlangizi wofunsa aliyense mofanana kuti, "Kodi pali chovuta kutsogolo, kumbuyo kapena pakhosi?" amachotsa manyaziwo popanda kuloza munthu chala.

5.0 Kulankhula ndi Wolekeza

Kuyambira mu 2018 odwala ambiri ku Zambia anasinthidwira ku mankhwala a TLD, mbulu umodzi patsiku. Munthu akaleka kumwa, kachilombo kamachulukanso m'masabata owerengeka, chitetezo cha m'thupi chimatsika, ndipo matenda monga TB amapeza mpata. Kumwa modukizadukiza kungachititsenso kuti kachilombo kapime ku mankhwalawo. Wolekeza ayenera kubwerera msanga, koma kalandiridwe kake kamadalira chiganizo choyamba chimene amva:

(3) a. Munathawiranji mankhwala?
b. Chinakulepheretsani kubwera n'chiyani?

Mu (3a) wodwala ndiye mwininkhani wa mneni -thawa, amene timamugwiritsa ntchito ponena za mbava kapena mwana wothawa sukulu. Liwu la Chingerezi lakuti defaulter, lomveka m'zipatala zambiri, lili ndi fungo lomwelo la ngongole. Mu (3b) mwininkhani ndi chopingacho, ndipo wodwala ndi wochitiridwa. Funso lotere limalola mayankho enieni: mwininyumba anamutulutsa, abale anapeza botolo la mankhwala, kapena wina anamuopseza kuti amuulula akapanda kumupatsa ndalama. M'makomboni momwe mabanja angapo amakhala pabwalo limodzi, ngakhale foni yokumbutsa tsiku lobwera iyenera kukhala ndi mawu amene awiriwo anapangana.

Pali njira zina zothandiza, monga kupereka mankhwala a miyezi 6 nthawi imodzi ndi kumulumikiza wodwala ndi mlangizi wa gulu lake lomwe. Zambiri mwa ntchito zotere zinkadalira thandizo la PEPFAR, ndipo boma la America litaimitsa thandizo lakunja mu Januwale 2025, ntchito zothandiza magulu amenewa zinasokonekera m'mayiko ambiri a mu Africa, Zambia yomwe. Phunziro lake nlakuti kalankhulidwe koyenera kayenera kupezeka pamzere wa aliyense, osati m'malo apadera mokha.

Pomaliza pali uthenga wopatsa chiyembekezo. Kafukufuku wa PARTNER2, wofalitsidwa mu 2019, anatsatira amuna okhalira limodzi ku Ulaya, mmodzi ali ndi HIV wina alibe, ndipo pa maulendo oposa 76,000 ogonana popanda kondomu sanapeze ngakhale mmodzi wopatsiridwa ndi bwenzi lake pamene kachilombo kanali katachepetsedwa ndi mankhwala. Wotanthauzira asamale: kunena kuti kachilombo sikakuoneka ena amamva ngati katha, nasiya mankhwala. Nkofunika kutalikitsa chiganizo: kachilombo kalipo, koma kachepa kwambiri moti simungapatsire mnzanu malinga ngati mukumwabe mankhwala.

6.0 Mawu Otsiriza

Taona kuti zida zofunika zili kale m'chilankhulo: alowam'malo osasankha mwamuna kapena mkazi, msintho wochitirana, ndi ufulu wosankha mwininkhani wa chiganizo. Kusintha lamulo ndi ntchito ya Nyumba ya Malamulo, koma kusankha pakati pa (2a) ndi (2b) kuli m'manja mwa namwino lero lomwe. Tikupempha aphunzitsi a zilankhulo kuti agwirizane ndi masukulu a anamwino pophunzitsa kafunsidwe ka mafunso, ndiponso kuti olemba mitanthauziramawu asonyeze poyera mawu amene ndi onyoza. Ntchito yotsala ndi yosonkhanitsa mawu amene amunawa amadzitchulira okha m'Chinyanja cha mu Lusaka, ndipo ichitike mowateteza, iwo eni atavomera.